Kuthamanga Si Kufika

Kuwerenga: Ahebri 12:1-3, 1 Akorinto 9:24-27, 1 Timoteo 4:7-8



Inu amene mumalawirira ku msika wa Chisokone kapena wa Masala mwaona chinthu chimene kale sichinali chofala. Kunja kusanayere bwino, m'mbali mwa Jambo Drive ku Kitwe, m'mbali mwa Broadway ku Ndola, ndiponso mumsewu waukulu wodutsa pa bwalo la Levy Mwanawasa, mumakumana ndi anthu akuthamanga. Palibe galu amene akuwapirikitsa, ndipo sakuthamangira minibasi. Ena ndi achinyamata, ena ndi abambo akuluakulu, ena ndi amayi a msinkhu wathu. Amadzuka mwa kufuna kwawo, nathamanga makilomita asanu, khumi, ena mpaka makumi awiri, kenaka nabwerera kukasamba ndi kupita ku ntchito.

Pakati pawo palinso amayi a Chigwirizano. Chifukwa chake funso lafika m'misonkhano yathu. Ena akuti, "Mayi wamkulu, wovala yunifolomu, kumathamanga pamsewu ngati kamtsikana, n'zoyenera kodi?" Enanso akuti, "Kuchipatala anandiuza kuti ndiziyenda ndi kuthamanga, nanga ndichite bwanji?" Lero tiyeni titsegule Baibulo pa nkhani imeneyi. Tidzaona kuti Mawu a Mulungu sanyoza wothamanga. Amamuika patsogolo pathu kuti akhale mphunzitsi wathu. Ndipo phunziro lake lalikulu ndi limene makolo athu ananena kale: kuthamanga si kufika.

1. Thupi ili ndi la Ambuye

Funso loyamba la Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa mu 1563, limatiphunzitsa kuti mwini wake wa ife ndi Yesu Khristu, ndipo limatchula thupi pamodzi ndi mzimu. Paulo ananenanso chimodzimodzi kwa Akorinto, kuti Mzimu Woyera amakhala m'matupi mwathu monga m'nyumba yake (1 Akorinto 6:19-20). Tsono amene asamala thupi lake akusamala katundu wa Mwini wake.

Amayi athu kumudzi, ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza, sankafuna wina wowauza za masewera olimbitsa thupi. Kuchitsime, kumunda, kunkhuni ndi kuchigayo ankapita pansi, mtolo uli pamutu. Ife a m'tauni timakhala pa mpando tsiku lonse, pa msika kapena mu ofesi, tikatero tikwera minibasi mpaka pafupi ndi khomo. Mafuta, mchere ndi shuga zachuluka m'mbale zathu. Zotsatira zake tikuzidziwa, pakuti ndife amene timayendera odwala: BP, matenda a shuga, sitiroko. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti pa mlungu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150. Kumeneko ndi kuyenda mwandawala mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu.

Kodi m'Baibulo akazi anathamanga? Inde. Rebeka anathamangira kuchitsime kukatungira madzi ngamila za mlendo (Genesis 24:20). Roda anathamanga kukauza abale kuti Petro ali pakhomo (Machitidwe 12:14). Mariya wa Magadala anathamanga ataona manda otseguka (Yohane 20:2), ndipo uthenga wa kuuka kwa Ambuye unayamba kuyenda pa miyendo ya amayi othamanga (Mateyu 28:8).

Amene analetsa akazi kuthamanga ndi anthu. Mu 1967 mtsikana wina, Kathrine Switzer, analowa mpikisano wa mumzinda wa Boston ku America, ndipo mmodzi wa akuluakulu a mpikisanowo anamuthamangira kuti amuchotse pamsewu chifukwa anali mkazi. Iye anapitiriza mpaka anatsiriza. Pa masewera a Olympics akazi analoledwa kuthamanga marathon koyamba mu 1984. Patapita zaka khumi, mu 1994, Tegla Loroupe wa ku Kenya anakhala mkazi woyamba wa mu Africa kupambana marathon ya ku New York.

Komabe timve bwino muyeso umene Paulo anapatsa Timoteo. Kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, koma phindulo lili ndi malire. Kuopa Mulungu ndiko kumapindulitsa m'moyo uno ndi m'moyo ulinkudza. Choncho thamangani, amayi, koma chachikulu chikhale pamalo pake.

2. Ulendo wathu ndi wautali

Kuno kumigodi timanyadira Samuel Matete, mwana wa ku Chingola, amene mu 1991 ku Tokyo anapambana dziko lonse pa mpikisano wa mamita 400 wolumpha zotchinga, nalandiranso mendulo ya siliva ku Atlanta mu 1996. Mpikisano wake unkatha m'masekondi osakwana 50. Munthu amatulutsa mphamvu zake zonse nthawi imodzi, basi watha.

Marathon ndi ina. Kutalika kwake ndi makilomita 42 ndi mamita 195. Kuchoka ku Ndola kufika ku Kitwe ndi makilomita pafupifupi 60, ndiye kuti wothamanga marathon amatha magawo awiri mwa atatu a msewu umenewo ndi miyendo yake. Akatswiri amatha m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Munthu wamba amatenga maola anayi, asanu, ngakhale asanu ndi limodzi.

Wolemba kalata ya kwa Ahebri akamanena za mpikisano umene Mulungu watiikira, mawu amene akuwatsindika ndi chipiriro. Chipiriro sichifunika pa liwiro la masekondi. Chimafunika pa ulendo wautali.

Aliyense wozolowera mtunda wautali adzakuuzani kuti cholakwa chachikulu cha woyamba kumene ndi kunyamuka ndi liwiro. Pa chiyambi pali khamu, pali nyimbo, thupi lili lopepuka, ndipo munthu amapitirira anzake mosangalala. Koma thupi limasunga chakudya chake chofulumira, mtundu wa shuga, m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono. Kwa ambiri imatha akafika cha pa makilomita 30. Pamenepo miyendo imalemera ngati yamangiriridwa miyala, mutu umayamba kunena kuti "khala pansi", ndipo amene ankapitirira anzake uja amapezeka atakhala m'mbali mwa msewu. Othamanga amawatcha malo amenewa khoma.

Amayi anzanga, kodi sitinazione izi mu Chigwirizano? Tsiku lovekedwa yunifolomu munthu amakhala woyaka moto. Pa maliro ndiye woyamba kufika, pa kwaya ndiye wokweza mawu, pa zopereka ndiye wotsogola. Papita zaka zitatu, zisanu, ndipo mpando wake uli wopanda munthu. Paulo anafunsa Agalatiya funso lowawa: popeza anayamba bwino chotere, anawatchinga ndani panjira? (Agalatiya 5:7). Ambuye Yesu ananenanso za mbewu yogwera pathanthwe, imene imamera msanga koma dzuwa likakula imafota (Marko 4:5-6).

Khoma la moyo wachikhristu limabwera mosiyanasiyana. Kwa ena linafika m'chaka cha 2000 ndi zaka zozungulira pamenepo, pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa ndipo abambo ambiri anachotsedwa ntchito. Kwa ena linafika ndi matenda amene anatisiyira ana amasiye odzaza nyumba. Kwa ena ndi ukwati umene wazizira, mwana amene walowerera, ngongole ya kaloba, kapena mawu amene mnzathu wa mumpingo anatilasa nawo. Khoma silisonyeza kuti Mulungu wakutayani. Limasonyeza kuti mwafika pa gawo la ulendo pamene chipiriro chiyamba ntchito yake.

3. Kukonzekera kumachitika anthu asakuona

Akorinto ankawadziwa bwino masewera. Pafupi ndi mzinda wawo, zaka ziwiri zilizonse, pankachitika mipikisano yaikulu ya Agiriki, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba kumutu. Ife nkhata timaidziwa ngati yosenzera mtsuko, koma kwa iwo inali mphotho. Patapita masiku ochepa inkafota. Paulo akuti: ngati anthu amadzimana zambiri chifukwa cha masamba ofota, nanga ife amene tikuyembekezera mphotho yosatha tidzadzimana motani?

Palibe amene amadzuka tsiku limodzi n'kuthamanga makilomita 42. Ngakhale wozolowera kuthamanga amafuna miyezi inayi kapena isanu yokonzekera. Kwa mayi amene akufuna kuyamba, malangizo a odziwa ndi awa:

Choyamba pitani ku kiliniki akakuyezeni BP ndi shuga, makamaka ngati zaka zapitirira 40, ngati thupi ndi lalikulu, ngati muli ndi pakati kapena mwangochira kumene.

Yambani ndi kuyenda. Milungu yoyamba yendani mwandawala mphindi 20 kapena 30. Kenaka sakanizani: kuthamanga pang'ono mphindi imodzi, kuyenda mphindi ziwiri, mobwerezabwereza.

Thamangani pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu. Ngati mawu akukanika kutuluka, mwafulumira kwambiri.

Onjezerani mtunda pang'onopang'ono. Ambiri amatsata lamulo loti mlungu uno usapose mlungu watha ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Mafupa, mawondo ndi mitsempha zimazolowera mochedwa kuposa mtima ndi mapapo.

Pumulani. Masiku atatu kapena anayi pa mlungu ndi okwanira, pakuti thupi limalimba pa tsiku lopuma.

Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani pomwepo ndipo kaonaneni ndi adokotala.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Zonsezi zimachitika m'bandakucha, m'mphepo ya mwezi wa Juni, popanda woombera m'manja. Tsiku la mpikisano limangoulula zimene munthu ankachita mumdima.

Moyo wauzimu ulinso chimodzimodzi. Misonkhano yaikulu ya Chigwirizano ndi yabwino, ndipo timabwerako mitima ili yotentha. Koma chimene chidzatiimiritsa tsiku la tsoka ndi pemphero la m'mawa uliwonse, ndime zochepa zowerengedwa tsiku ndi tsiku, kulamulira lilime pamene mnansi watiputa, kukhululuka kachiwiri ndi kachitatu. Danieli sanaphunzire kupemphera tsiku limene lamulo la mfumu linatuluka. Anangopitiriza chizolowezi chake cha katatu pa tsiku (Danieli 6:10). Mayi amene akuti adzayamba kupemphera mavuto akadzafika ali ngati munthu wofuna kuthamanga marathon asanayendepo ngakhale kuzungulira komboni.

4. Nsapato, zovala ndi katundu wolemetsa

Tinenepo za zovala, pakuti pamenepa ndi pamene ambiri amakhumudwa kapena kukhumudwitsa anzawo.

Chofunika kwambiri ndi nsapato. Ikhale yofewa pansi, yogwira bwino chidendene, ndipo kutsogolo kutsale malo okwana chala chachikulu cha kudzanja, chifukwa phazi limatupa munthu akathamanga nthawi yaitali. Nsapato yothina imabweretsa matuza ndi kudetsa zikhadabo. Ya pa salaula ndi yabwino ndithu, bola muitembenuze ndi kuona ngati pansi pake sipanadyeke mbali imodzi. Nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita pakati pa 500 ndi 800, ngakhale pamwamba ikuoneka yatsopano. Ndipo musavale nsapato yatsopano pa tsiku la mpikisano.

Mayi afunikanso bra yogwira bwino, sokosi zosapanga makwinya, ndi mafuta a Vaseline opaka pamene khungu limakhulana. Malaya akhale opepuka ndi owala, kuti oyendetsa galimoto akuoneni kukadali mdima. Yendani kudzanja lamanja la msewu, moyang'anana ndi magalimoto akubwera. Mu Okutobala tulukani dzuwa lisanakwere ndipo imwani madzi. Za ulemu wa mavalidwe, mayi wachikhristu safuna wapolisi. Thalauza la masewera lotakasuka ndi malaya otsika bwino zilipo, ndipo ena amamanga kachitenje kafupi pamwamba. Cholinga ndi kuthamanga, osati kudzionetsa.

Zotsalazo, monga mawotchi owerenga makilomita ndi nsapato zodula zimene akatswiri amavala, n'zokoma koma si zofunika. Musalowe ngongole chifukwa cha zimenezi, ndipo ndalama ya sukulu ya mwana isapite ku nsapato. Kumbukirani Yotham Muleya, mnyamata wa ku Choma amene ankaphunzira ntchito zamanja ku Lusaka. Mu Disembala 1958 ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kunali mpikisano wa mamailosi atatu. Poyamba anamukaniza chifukwa cha khungu lake. Atamulola, anathamanga wopanda nsapato pa bwalo lamatope, nasiya kumbuyo Gordon Pirie wa ku Britain, katswiri wodziwika pa dziko lonse. Muleya anamwalira pa ngozi ya galimoto ku America mu Novembala 1959, ali mnyamata ndithu, koma dzina lake lili pa msewu ndi pa sukulu ku Lusaka. Mu 1960 Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambananso marathon ya Olympics ku Rome ali wopanda nsapato. Chimene chinawapambanitsa sichinagulidwe m'sitolo.

Wothamanga amadziwanso kuti chilichonse chimene wanyamula adzachimva. Botolo limene pa kilomita yoyamba silinali kanthu, pa kilomita ya 25 limakhala ngati thumba la makala. N'chifukwa chake Ahebri 12 ikutiuza kuvula zinthu za mitundu iwiri. Pali tchimo, limene limakulunga miyendo ngati chitenje chomasuka. Palinso zolemetsa, zimene mwina pazokha si tchimo, koma zimatichedwetsa. Kodi inu mwanyamula chiyani? Mwina ndi mangawa a zaka khumi ndi apongozi anu. Mwina ndi mpikisano wa zovala pa kitchen party. Mwina ndi foni imene imadya ola limene linali la pemphero. Mwina ndi kufuna udindo mumpingo. Tulani, amayi. Njira ikadali yaitali.

5. Mpikisano ndi tsiku la Ambuye

Mipikisano yambiri ikuluikulu ya pa dziko, monga ya ku London, Berlin ndi New York, imachitika Lamulungu m'mawa, ndipo magulu ambiri a othamanga amakonda m'mawa womwewo pa ulendo wawo wautali. Apa mayi wachikhristu ayenera kusankha.

Pali filimu imene ndikulimbikitsa mabanja kuonera pamodzi, yotchedwa Chariots of Fire, imene inatuluka mu 1981. Imasimba za Eric Liddell wa ku Scotland, mwana wa amishonale a London Missionary Society, bungwe lomwe lija linagwiranso ntchito ku Mbereshi ndi ku Kawimbe kuno kwathu. Liddell anali katswiri wa mamita 100. Pa Olympics ya ku Paris mu 1924, mpikisano woyamba wa mtunda umenewo unaikidwa pa Sabata, ndipo iye anakana kuthamanga. Mufilimu zimaoneka ngati anamva za tsikulo ali kale pa ulendo, koma zoona zake n'zakuti anadziwa miyezi ingapo m'mbuyo, napirira mawu a anthu nthawi yonseyo, nakonzekera mtunda wina. Anathamanga mamita 400 ndipo anapambana mendulo ya golide.

Chinali chisangalalo chachikulu, koma mpikisano weniweni wa Liddell unali usanathe. Mu 1925 anasiya kutchuka napita ku China kukatumikira monga mphunzitsi ndi mmishonale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatsekeredwa mu msasa wa akaidi wa asilikali a Japan, kumene ankaphunzitsa ana ndi kuthandiza okalamba, ndipo anamwalira momwemo mu Febuluwale 1945. Mendulo anaipeza m'masekondi osakwana 48. Ulendo wa chikhulupiriro unamutengera zaka zina 20.

Sitikuika lamulo latsopano pa mapewa a munthu. Tikungofunsa: ngati kuthamanga kwayamba kukuchotsani pa mapemphero a Sabata, pa Mgonero wa Ambuye ndi pa tsiku la Chigwirizano, kodi chikutsogola n'chiyani? Loweruka lilipo. Chinthu chabwino chikakhala pa mpando wa Mulungu chimasanduka fano.

6. Palibe amene amatsiriza yekha

Pa 12 Okutobala 2019, mumzinda wa Vienna, Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga mtunda wa marathon m'nthawi yosakwana maola awiri, chinthu chimene munthu anali asanachitepo. Dziko lonse linatchula dzina lake. Koma sanali yekha. Othamanga anzake 41 ankasinthana m'magulu, ena patsogolo kumutchingira mphepo, ena pambuyo, kuti liwiro lake lisatsike. Ngati katswiri wotere anafuna anzake, nanga ife?

Ku South Africa kuli mpikisano wa Comrades, umene unayamba mu 1921, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Akazi ndi anthu akuda analoledwa kulowa mwalamulo mu 1975. Munthu amapatsidwa maola 12 kuti atsirize. Kumeneko othamanga wamba amayenda m'magulu amene amawatcha mabasi. Patsogolo pamakhala wozolowera njira, atanyamula kambendera, ndipo iye ndiye amanena nthawi yothamanga, yoyenda ndi yomwa madzi. Nthawi ikamatha, anthu amakhamukira kumapeto kudzaona otsiriza, ndipo kumeneko mumaona anthu osadziwana akudzutsana, akugwirana m'mapewa kuti alowe pamodzi.

Amayi anzanga, dzina lathu ndi Chigwirizano. Basi imeneyi ndife. Kuyenda awiri si mantha, ndipo Mlaliki akutikumbutsa tsoka la munthu amene agwa popanda womudzutsa (Mlaliki 4:9-10). Ngakhale pamsewu weniweni, mayi asathamange yekha mumdima. Pezani anzanu awiri kapena atatu a m'dera lanu, ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu kapena ku Lubuto, muzidzutsana.

Koma funso lolemera ndi ili: kodi basi yathu imayang'ana kumbuyo? Tsegulani buku la maina la Chigwirizano cha pa mpingo wanu. Werengani maina a amene sanaoneke miyezi isanu ndi umodzi. Wina analeka chifukwa analephera kupereka zopereka za mwezi ndipo anachita manyazi. Wina mwamuna wake atamwalira, achibale anatenga katundu, ndipo ife tinapita pa maliro koma sitinabwererenso. Wina mwana wake wamkazi anatenga pakati, ndipo anamva kunong'ona kumbuyo kwake. Wina ali pa chilango cha mpingo, ndipo palibe amene wapondako pakhomo pake. Amenewa ali m'mbali mwa msewu, pa khoma lawo. Ife tikupitirira, yunifolomu zili zoyera, tikuimba bwino. Kodi Ambuye adzakondwera kutiona tikufika tokha?

Pa Olympics ya mu 1968 ku Mexico City, John Stephen Akhwari wa ku Tanzania anagwa pakati pa marathon navulala bondo kwambiri. Anamumanga nsalu, ndipo anapitiriza motsimphina. Mwa anthu 75 amene anayamba, 57 ndiwo anatsiriza, ndipo iye anali wotsiriza. Analowa m'bwalo kutada, patapita nthawi yoposa ola limodzi chifikire wopambana. Anthu ochepa amene anatsala anaimirira namuombera m'manja. Atamufunsa chifukwa chake sanaleke, anayankha kuti dziko lake linamutuma ulendo wautali wotere kuti akatsirize mpikisano, osati kukangouyamba.

Mu Ufumu wa Mulungu wotsimphina amene wafika ndi wopambana. Ntchito yathu ndi kubwerera, kumumanga bala, ndi kuyenda naye pa liwiro lake.

7. Amene adzatifikitsa

Mwina wina akuwerenga izi ali wotopa, ndipo akuti, "Mwandionjezera katundu. Ine mphamvu zatha." Mayi, imvani uthenga wabwino.

Ahebri 11 ikutchula anthu amene anatsiriza ulendo wawo, ndipo pakati pawo pali Sara amene anaseka lonjezo, ndi Rahabu amene mbiri yake tikuidziwa. Sanali anthu opanda zipsera. Ifenso tili ndi mboni zathu: amene analandira Uthenga ku Magwero kuyambira mu 1899, ku Madzimoyo ndi ku Nyanje, ndi amayi amene anatsata amuna awo kuno kumigodi nayamba mapemphero m'tinyumba ta m'komboni, kutali ndi kwawo. Iwo anafika. Koma wolemba Ahebri sakutiuza kuti maso athu akhale pa iwo. Akuti tiyang'ane Yesu, amene anayamba chikhulupiriro chathu ndipo ndi Iye amene adzachitsiriza. Iye anayenda ulendo wake mpaka pa Gologota, mtanda uli pa phewa, ndipo sanatembenuke.

Makolo a mpingo wathu, pa Sinodi ya ku Dort mu 1618 ndi 1619, anaphunzitsa za kupirira kwa oyera mtima. Sananene kuti okhulupirira sagwa. Anavomereza kuti amagwa, nthawi zina koopsa, monga Davide ndi Petro. Koma anati Mulungu, mwa chifundo chake, sawasiya pansi. Amawadzutsa ndi Mawu ake ndi Mzimu wake, nawabwezera panjira. Timapirira chifukwa Iye watigwira. Paulo anatsimikizira Afilipi kuti Mulungu sasiya ntchito yake pakati (Afilipi 1:6), ndipo Yesaya analonjeza mphamvu zatsopano kwa otopa amene akhulupirira Yehova (Yesaya 40:29-31).

Ndipo pali wothamanga mmodzi amene sitinamutchule. Mu fanizo la mwana wolowerera, mnyamata uja ankabwerera pang'onopang'ono, wanjala, wamanyazi, akukonza mawu opepesa. Amene anathamanga ndi atate wake (Luka 15:20). Munthu wamkulu, wolemekezeka, anaiwala ulemu wake nathamanga pamsewu anthu akuona. Ngati inu simungathenso kuthamanga, yendani. Ngati simungathe kuyenda, tembenukirani nkhope kwanu. Mtunda wotsalawo Atate adzauthamanga okha.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zimaletsa amayi a pa mpingo wathu kusamala matupi awo, ndipo tingathandizane bwanji?
2. Werengani Ahebri 12:1. Tchulani zolemetsa zitatu zimene si tchimo pazokha koma zimachedwetsa mayi wachikhristu wa m'tauni.
3. Ndi amayi angati amene analeka kubwera ku Chigwirizano chaka chino? Ndani adzawayendera, ndipo liti?

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani chifukwa cha matupi amene munatipatsa ndi njira imene mwatiikira. Tiphunzitseni kusamala zonse ziwiri. Tichotsereni katundu amene tadzisenzetsa tokha. Limbitsani mayi amene wafika pa khoma lero, ndipo tipatseni mtima wobwerera kukamutenga. Maso athu akhale pa Mwana wanu kufikira tsiku limene tidzalowa kwanu, ife pamodzi ndi ana athu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.